Mabango a Lolemba

Chaka chimene mvula inadula mu Januwale anthu amachikumbukira mosiyanasiyana. Ena amatchula gaga, ena mbuzi zimene anagulitsa pa mtengo wa nkhuku. Ine ndimachikumbukira ndi mabango, ndipo mpaka lero ndikaona bango louma mtima sukhala m'malo.

Ndine Mwale. Kwathu ndi ku Simlemba, koma ndinakwatira m'mudzi wa m'mphepete mwa paki, kumene waya wotchinga nyama umamuona uli pakhonde. Ndine mkamwini. Munda umene ndimalima ndi wa mkazi wanga Esinati, dimba la ku dambo la Katope linali la malemu amayi ake, ndipo mawu omaliza pa zonsezi ali ndi mlongo wake wamkulu, alamu anga a Filimoni, eni mbumba.

Okutobala

Tinkathirira nazale ya fodya pamene galimoto ya ku paki inaima kumutu kwa dambo. Munatsika mayi wamfupi wovala majombo pa dzuwa lonse lija, atasenza mapaipi oyera. Anati ndi Mayi Gondwe, wofufuza za madzi ndi nyama zakutchire. Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika ngati cha anthu a kumpoto, ndipo ukawapatsa mpando ankati yewo m'malo mwa zikomo.

"Ndikufuna kudziwa kumene madzi amabisala m'chilimwe," anatiuza. "Dambo lanuli limayambira m'pakimo. Madzi sadziwa waya. Ndipo kumene madzi atsala, nyama zimapita komweko."

Anaboola pansi pakona pa dimba lathu n'kuzikapo paipi imodzi, yakuya kuposa msinkhu wa munthu. Kenako anafunsa ngati pali woti aziyeza madziwo Lolemba lililonse. Anthu onse analoza ine, chifukwa ndimalemba za kumpingo, komanso chifukwa, monga amanenera Esinati, matako anga sadziwana ndi mpando.

Ntchito yake inali yosavuta. Utenge bango louma, ulilowetse mupaipi mpaka ligunde pansi, ulitulutse, ndipo pamene kunyowa kwathera ulidule ndi mpeni. Chidutswa chonyowacho uchiyeze ndi tepi, ulembe m'kope, uimbe foni. Bango lalitali ndiye kuti madzi ndi ambiri, lalifupi madzi atsika. Anandichenjeza kuti sabata iliyonse ndizitenga bango latsopano, chifukwa lonyowa kale limanamiza.

Anandisiyira kope, tepi ndi mayunitsi a foni. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati andisankha ukhansala.

Novembala ndi Disembala

Mvula inayamba bwino, yoti ngakhale waulesi anagwira khasu. Tinabzala chimanga kumtunda, tinawoka fodya, ndipo feteleza wochepa amene tinapeza tinamugawa ndi kachitsekero ka botolo, phando ndi phando. Amayi analoledwa kukatola matondo m'pakimo, ndiye ndiwo sizinavute.

Mabango anga ankatalika Lolemba lililonse. Ine sinditaya kanthu, ngakhale msomali wopindika ndimauwongola. Choncho bango lililonse ndikaliyeza ndinkapita nalo m'chigafa cha fodya n'kulisokera kwa linzake ndi chingwe, motsatana monga amasokera mphasa. Ndinkati zikakwana ndidzapange chitseko cha khola la nkhuku.

"Chitseko cha mano ataliatali ndi aafupi," anaseka Esinati. "Nkhukuzo zidzakuthokozani, bambo a Tiya, pamodzi ndi likongwe."

Januwale

Mvula inagwa m'masiku oyamba a mweziwo, kenako inangoti zii. Sabata yoyamba tinati ipuma. Yachiwiri tinayamba kuyang'ana kumwamba tikamalankhulana. Yachitatu chimanga, chimene chinali chitangoyamba kumasula, chinapinda masamba ngati anyezi. Mitambo inkabwera masana, n'kuima pamwamba pa paki, n'kupita osatisiyira kanthu. Ndinkapita kumunda katatu pa tsiku ngati kuti kuyang'ana kumanyowetsa nthaka.

Pamsika ndowa ya chimanga inkagona ndi mtengo wina n'kudzuka ndi wina. Pamodzi ndi mitengoyo panakweranso mphekesera. Wina anamva kwa wina, amene mlamu wake amatchetcha udzu ku Lifupa, m'kati mwa pakimo, kuti dambo lililonse lopezeka ndi madzi alizinga ndi waya kuti nyama zizimwa. Mapaipi aja, ankati, ndi zikhomo za malire atsopano.

Tsiku lina masana a Filimoni anandiitana pakhonde pawo.

"Alamu, m'kope lija mumalembamo chiyani?"

"Zimene bango lanena."

"Nanga bango likuti chiyani?"

"Likuti madzi alipo. Kumtunda kwauma, koma pansi pa dambo sanatsike kwenikweni."

"Ndiye Lolemba lililonse mumaimba foni kuuza anthu a nyama kuti kuno kuli madzi."

Ndinati Mayi Gondwe sananenepo zolanda malo. A Filimoni anandiyang'ana ngati mwana amene wakhulupirira wogulitsa mankhwala pabasi.

"Munamva ndi makutu anu. Kumene madzi atsala, nyama zimapita komweko. Makolo athu anawasamutsa m'pakimo ndi mawu okoma ngati omwewa. Manda a agogo athu ali kuseri kwa waya uyo, njovu zikuyendapo. Chaka chino kumtunda kulibe kanthu, moyo wa mbumba yanga uli m'dimba. Dimbalo likapita, inu mukwera njinga yanu kubwerera ku Simlemba. Ife tipita kuti?"

Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa ndinali nditalima dimbalo zaka khumi ndi zisanu. Koma mkamwini ndi mlamba, amati, sachedwa kuterereka, ndipo ndinafuna kuwaonetsa kuti ine sindine mlambayo. Ndinafunsa choti ndichite.

"Dambo liume," anatero. "M'kopemo."

Lolemba lotsatira ndinadula bango pamene kunyowa kunathera, monga mwa masiku onse. Ndinaliyeza, ndinachotsapo kutalika kwa chikhatho, n'kulemba. Sabata inayo ndinachotsa zikhatho ziwiri. Koma bangolo ndinkalisokerabe kwa anzake m'chigafa osalifupikitsa, chifukwa chitseko cha nkhuku sichimapita ku boma.

Febuluwale

Mvula inabwerera titasiya kuifuna. Inanenepetsa udzu, koma chimanga chinali chitaphonya kale nthawi yake.

Njala inalowa m'nyumba mwakachetechete. Tinayamba kudya kamodzi, cha m'ma folo koloko, kuti ana athu atatu agone ndi kanthu m'mimba. Ufa unasanduka gaga, gaga anasanduka phala, phalalo Esinati ankalionjezera nkhwani kuti lioneke lambiri. Ndinkapalira minda ya anthu a m'tauni amene amalima pafoni, malipiro ake mbale ya chimanga. Pamsewu pankadutsa matenanti a m'maesiteti a fodya, mabanja athunthu, mapoto pamutu, ana kumsana, akuti bwana wasiya kupereka chakudya. Ena ankaima pakhomo kupempha madzi okha, koma maso ali ku khitchini.

Mnansi wathu wina anadenula malata a nyumba yake n'kugulitsa. Wina anayamba kuthyola fodya wosakhwima kupatsa mavenda. Awiri analowa m'paki ndi misampha, mmodzi anabwera ndi nyama, wina anabwera patatha miyezi, atameta mpala wa kundende.

Ine Lolemba linandisandukira tsiku la mayeso. Ndinkaimba foni nditatembenukira kutchire.

"Mwati zingati, a Mwale?" ankafunsa Mayi Gondwe. Ndinkabwereza nambalayo. "Zachilendo. Madambo enawa sakutsika chonchi, ndiponso mvula yabwerera. Paipiyo ili bwinobwino?"

"Ili bwino, mayi."

"Msewu ukauma ndibwera ndidzaone ndekha."

Ndinathamangira kwa a Filimoni ngati nyumba yapsa. Iwo anangoti, "Abwere. Madzi a mupaipi ndi angati oti angatikanike amuna awiri?"

Malichi

Tsiku limene Mayi Gondwe ankabwera, ine ndi a Filimoni tinalawirira ku dimba. Tinamanga kabotolo ka mankhwala a chifuwa ku chingwe, tinakalemetsa ndi bawuti, n'kuyamba kutunga madzi mupaipi. Kabotolo kamodzikamodzi, ine kutunga, iwo kukataya patali. Dothi la dambo ndi la makande, madzi amabwerera pang'onopang'ono, ndiye pofika nthawi ya sukulu paipiyo inali itafanana ndi kope langa. Amuna aakulu awiri, mmodzi mkulu wa mpingo, kulimbana ndi kabotolo ka chifuwa. Nditakhala kuti ndinaona ena akuchita zimenezi ndikanaseka mpaka kugwa.

Mayi Gondwe anafika majombo ali matope okhaokha. Analowetsa chingwe chawo choyezera, anayang'ana, anayang'ananso m'kope. Kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, a Mwale. Ndinayamba kukukayikirani. Ndimaganiza kuti mwina mumangolemba muli kunyumba. Yewo chomene."

Pochoka anatisiyira paketi ya shuga ndi ufa wa phala la ana. Esinati anafulula tiyi madzulo ake. Ine sindinamwe. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire.

Epulo

Zokolola za kumtunda tinazinyamula pa njinga maulendo atatu, basi. Zisononkho zake zinali zoti mwana azibisa m'dzanja. Fodya anatuluka wopyapyala, ndipo mavenda ankamununkhiza n'kukwinya nkhope asanatchule mtengo. Aliyense m'mudzi anadziwa kuti cha kumtunda chitifikitsa mu Julayi ngati Mulungu alola, ndipo kuchokera pamenepo ndi dimba.

Kumapeto kwa mweziwo Mayi Gondwe anabweranso n'kuitanitsa eni madimba onse pansi pa mkuyu wa kumutu kwa dambo. Ine ndinakhala kumbali ya amuna, pafupi ndi a Filimoni. Esinati anakhala ndi amayi anzake moyang'anana nafe.

"Ndabwera kudzakuuzani kumene manambala anu apita," anatero. "Mukudziwa kuti waya wa paki ndi wotha m'malo ambiri. Chaka chino papezeka mapolo ndi waya wokwanira chigawo chimodzi chokha. Akuluakulu a paki anandifunsa kuti ayambire kuti. Chilimwe chikubwerachi madziwe a m'pakimo auma msanga, ndipo njovu zidzatuluka kutsata madzi. Ndiye ndawauza kuti ayambire kumene madambo asunga madzi, kumwera uko. Lanuli latsika kwambiri, pofika Ogasiti lidzakhala louma, njovu sizidzalifuna. Inu mudikire chaka chamawa. Komanso madimba musabzale aakulu, mungataye mbewu."

Wina anafunsa ngati kumwerako awalanda madambo.

"Kulanda? Ayi. Waya akhala pomwe alili. Akungomukonza kuti nyama zikhale kwawo, inu kwanu."

Ndinadziwa kuti nthawi youlula inali yomweyo. Ndinayang'ana a Filimoni, iwo akujambula pansi ndi kamtengo. Ndinayang'ana Esinati, amene ankadziwa za kopelo, iye akuyang'ana ine. Ndinadziuza kuti malo si anga, mlandu si wanga ndekha, eni ake ali pompano, ayambe ndi iwo. Palibe anayamba. Mayi Gondwe anatsanzika, galimoto inanyamuka, fumbi linakhazikika.

Pobwerera a Filimoni anati, "Akunena choncho chifukwa madzi sanawapeze. Akanawapeza mukanamva nyimbo ina." Sanandiyang'ane ponena zimenezi.

Meyi, Juni, Julayi

Ife tinkadziwa zoona zake za madzi, ndiye tinabzala dimba lonse mpaka m'makona. Ndinagulitsa njinga ija, yomwe ankati ndidzathawira ku Simlemba, n'kugula mbewu ndi feteleza. Chimanga chinamera chobiriwira mochititsa mantha. Chitsime cha m'dimba unkatunga ndi kheni yothirira utangowerama. Anthu odutsa ankaima kuyamikira, ine n'kumalakalaka atapitirira msanga.

Kukhala pansi kunandikanika. Ndikathirira ndinkapita kukayendera waya. Moyang'anana ndi dambo lathu mapolo anayi anali atagona, odyedwa ndi chiswe, waya ali lende. Ndinawadzutsa n'kuwachirikiza ndi mitengo, ndikudziwa bwino kuti njovu ingaugwetse mpanda wotero poyetsemula. Mu Julayi ndinayamba kupeza ndowe zazikulu kuseri kwake, poyamba zouma, kenako zofunda. Anthu ochokera ku Lifupa ankati nyama zadzaza pa damu la kumeneko ngati msika, chifukwa kwina konse kwauma.

Lolemba lililonse ndinkati lero ndinena. Ndinkakonza mawu njira yonse. Foni ikalira mbali inayo, Mayi Gondwe n'kuti, "Monire a Mwale, ana ali bwanji?" ndinkamva pakamwa panga pakutchula nambala yabodza, yotsikirapo kuposa ya sabata yatha. Bodza likakula limafuna kudyetsedwa ngati nkhumba. Pofika kumapeto kwa Julayi kope linkati mupaipi mwatsala madzi osakwana chala, pamene bango linkatuluka lonyowa mpaka m'chifuwa mwanga.

Tinamanga nsanza zopaka tsabola ndi oyilo kuzungulira dimba. Tinapachika zitini. Ufa wa kumtunda unatha monga tinawerengera, ndipo Esinati ankapita m'dimba kukafinya zisononkho ndi chala kuti aone ngati mkaka wayamba kulimba.

"Masabata awiri," anatero tsiku lina. "Tikapirira awiri okha, ana adya chowotcha."

Ogasiti

Linali Lolemba. Ndinanyamula bango louma, mpeni ndi kope, dzuwa likungotuluka. Ndisanafike ndinamva fungo, la khola lalikulu losakanikirana ndi la chimanga chophwanyika.

Dimba linali litagona. Osati lathu lokha, onse asanu ndi awiri a m'mbali imeneyo. Mapesi anali opondedwa m'matope, ena ozulidwa ndi mizu yomwe, nsanza zathu za tsabola zili pansi pa mapazi aakulu ngati lichero. Paipi inali itapindika. Pambali pake penipeni njovu zinali zitakumba dzenje, ndipo m'dzenjemo munali madzi oyera, odekha, akuonetsa kumwamba.

Ndinakhala pansi m'matopemo. Sindikudziwa nthawi imene ndinakhala. Anthu anayamba kufika, amayi akulira chapansipansi. Esinati anafika ndi dengu, anangoyamba kutola zisononkho zimene zinapulumuka.

Mayi Gondwe anafika masana ndi asilikali awiri a ku paki. Anayenda dimba lonse manja ali kumbuyo. Nkhope yawo inali ya munthu amene walakwira anthu.

"Ndine ndinawauza kuti kuno sizibwera," anatero. "Ndine. Sindikumvetsa."

Kenako anaona dzenje lija. Anagwada, analowetsa mkono, madzi anawapeza chigongono chisanalowe. Anatulutsa tepi, anayeza. Anandipempha kope, anatsegula tsamba lomaliza, anayang'ana m'dzenje, anayang'ananso tsambalo.

"A Mwale," anatero motsitsa mawu, "pakati pa inu ndi njovuzi, wina sakunena zoona."

A Filimoni anali ataima pomwepo. Sindinawayang'ane. Ndinapita kunyumba chothamanga, ndinalowa m'chigafa, ndinatsitsa mpukutu wa mabango uja n'kubwera nawo paphewa. Ndinauyala pa mapesi ophwanyikawo pamaso pa anthu onse.

"Ili ndi la Okutobala, tsiku lomwe munabwera. Awa ndi a dzinja. Ili ndi la Lolemba lapitali. Sindinafupikitsepo ngakhale limodzi. Za m'kopezo, kuyambira Januwale, ndi zanga."

Ndinanena zonse, za mphekesera, za zikhatho, za kabotolo ka chifuwa. Dzina la alamu anga sindinalitchule, koma iwo anatsokomola n'kunena okha kuti, "Kabotoloko tinali awiri."

Mayi Gondwe anayenda m'mbali mwa mabangowo pang'onopang'ono, akugwira nsonga imodziimodzi. Chaka chonse chinali chitagona pamenepo: kukwera kwa Disembala, kutsika pang'ono kwa ng'amba, kukweranso, kenako mzere wotsika mwaulesi umene sunafike n'komwe pafupi ndi kuuma. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"M'madambo onse amene ndikuyeza, ili ndiye losunga madzi kuposa onse," anatero. "Mukanandionetsa izi mu Epulo, mapolo aja akanatsitsidwa pano."

Anapempha kuti atenge mabangowo. Esinati anayankha asanaweramuke n'komwe pa dengu lake. "Tengani, mayi. Sadyedwa."

Waya anadzamukonza chaka chotsatira, ndipo dimba palibe anatilanda, tikulimabe mpaka lero. Koma miyezi ya pakati pa Ogasiti ameneyo ndi zokolola zina sindikonda kuifotokoza. Ana awiri tinakawasiya kwa mchemwali wanga ku Simlemba, ndipo wamng'ono atabwerako ankanditchula kuti amalume.

Chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi ulendo wochoka ku dimba tsiku limenelo. Esinati anali patsogolo, dengu pamutu, ine pambuyo ndi kope lopanda ntchito. Titafika pa mkuyu uja anaima osatembenuka.

"Bambo a Tiya, mu Epulo muja, pamene ankanena za waya pansi pa mtengo uno, munamva?"

"Ndinamva."

"Nanga bwanji simunalankhule?"

"Ndimadikira inu, eni dimba. Ine ndine wobwera."

"Ine ndimadikira inu," anatero. "Ndimati kope ndi lanu, ndikayamba ine ndikuchititsani manyazi pagulu. Zaka khumi ndi zisanu, mudakali mlendo m'dimba limene munagulitsira njinga?"

Anakonza nkhata pamutu n'kupitiriza kuyenda. Dengulo silinadzaze n'komwe, ndipo tinalidya masiku anayi.